KUKANKHA NDI KUKOKA: PHUNZIRO LA PA DOOKO LA KU FEIRA

Madzulo ano ndifuna kukamba nanu za zinthu ziwiri zimene mwana ali yense azidziwa asanalowe sukulu, ndizo kukankha ndi kukoka.

Pamene ndinali mnyamata pa sukulu ya misyoni, anatilembera pa bolodi mau a Cingerezi onena kuti mphamvu iri yonse ndiyo kukankha kapena kukoka. Tinawaloweza pamtima, ndipo mayeso tinapambana. Koma ndiulule kuti tanthauzo lace sindinalimve kufikira tsiku limene ndinaima pa dooko la ku Luangwa, kumene akulu akali kuchula kuti Feira. Pamenepo mtsinje wa Luangwa ulowa m'Zambezi; tsidya lina kuli Zumbo wa ku Mozambique, tsidya linanso kuli Kanyemba wa ku Zimbabwe.

Ndinaona mkulu wina alikuyendetsa bwato pa madzi osaya ndi mtengo wautali. Anautsamiritsa pansi pa mtsinje, nakankha cakumbuyo, koma bwato linapita kutsogolo. Kodi munayamba mwafunsa cifukwa cace? Isaac Newton wa ku England analongosola ici m'buku lace la caka ca 1687. Iye anaonetsa kuti ukakankha cinthu, ico cikukankhanso iwe ndi mphamvu yolingana, koma molozera kwina. Mkuluyo akankha mcenga, mcenga nao ukankha iye pamodzi ndi bwato lace. Nkhafi icita cimodzimodzi ndi madzi. Acikunda, amene mbiri yao ya kupalasa bwato pa Zambezi idziwika kutali, anadziwa nzeru iyi ndi manja ao, osaona buku.

Tsono aphunzitsi, musayambe ndi coko. Turukani ndi ana panja pamthunzi, pakuti dziko la Feira ndi lotentha. Mangani cingwe ku cipika, mwana mmodzi akoke, wina akankhe pambuyo. Afunseni kuti: "Kodi wacita ciani? Cipika capita kuti?" Atatha kuyankha m'cinenero cao, pamenepo lembani. Aonetseni kuti mphamvu icita nchito zinai: iyambitsa cinthu kuyenda, iimitsa coyenda, icikhotetsa, ndiponso isintha maonekedwe ace. Mpira wa nsanza ukwanira pa zitatu zoyambazo, ndipo dothi loumbira mbiya likwanira pa cacinaico.

Pambuyo pace ayese kukoka cipika comweco pa mcenga, kenaka aike timitengo tobulungira pansi pace nakokenso. Adzadabwa kuona kuti nchito yapepuka. Mcenga ugwira cinthu cokhulana nao ndi kuciletsa, ndico cifukwa cace amuna angapo abvutika kukokera bwato kumtunda, pamene m'madzi mnyamata mmodzi alisuntha ndi dzanja limodzi.

Palinso kukoka kosaoneka ndi maso. Ana a kumeneko adziwa bwino nyengo ya masau. Kodi cimagwetsa sau lakupsa nciani, popeza palibe cingwe? Dziko lapansi likoka zinthu zonse kwa ilo. Mai wosinja anyamula munsi ndi mphamvu yace, koma potsika dziko limthandiza. Mwana akamva ici, sadzayang'ananso mtondo wa amace monga kale.

Kapena wina adzati, "Zimenezi nzamasewera, zipindulitsanji?" Mverani. Mwana akalumpha kucokera m'bwato losamangidwa kuti akafike pa gombe, mapazi ace akankha bwato cakumbuyo, bwato lithawa, ndipo iye agwera m'madzi. Inu a ku Feira mudziwa kuti m'madzi amenewo muli ng'ona. Cimodzimodzinso pooloka: madzi oyenda akankha bwato cakunsi kosaleka, cotero wopalasa wanzeru aloza mutu wa bwato cakumtunda kwa mtsinje kuti akafike pa dooko limene afuna. Mwana wozindikira zifukwa izi sangomvera cabe cenjezo la akulu; adziwa yekha cimene aliopera, ndipo adzacenjeza mphwace.

Inu makolo a kwa Mfumu Mburuma ndi a kwa Mfumu Mphuka, nchito iyi si ya aphunzitsi okha ai. Pokoka ukonde, potunga madzi pa citsime, potseka citseko, funsani mwana wanu kuti: "Apa ndakankha kodi, kapena ndakoka?" Akalakwa musamkalipire, mpatseni cingweco agwire yekha. Ndipo inu aphunzitsi, musacite manyazi kuitana msodzi wacikulire kuti adzaonetse ana magwiridwe a nkhafi. Pa phunziro ili iye ndiye mkulu wanu.

Ndikusiyirani funso lakuti mukambirane ndi ana usiku uno: ng'ombe zikoka ngolo, ngolo nayo ikoka ng'ombe ndi mphamvu yolingana, nanga bwanji ngoloyo iyenda? Yang'anani pamene ziboda ziponda. Tilembereni mayankho a ana anu, ndipo tidzawerenga ena a iwo pa wailesi sabata lamawa.