Za Anthu Zikambidwe Poyera: Mau Athu pa Misonkhano ya Makhonsolo a Machinga ndi Balaka



1. Mau oyamba

Ife a komiti ya mpingo yoona za chilungamo ndi mtendere tabwera kudzalingalira nanu pa nkhani ya misonkhano ya makhonsolo athu. M'misonkhano imeneyi ndimo mumamangidwa mfundo zoti mjigo ukumbidwe mudzi uti, mlatho uyambe kumangidwa pa mtsinje uti, ndiponso kuti ndalama za ziphaso za m'misika ya Liwonde, Ntaja, Ulongwe ndi Phalula zigwire ntchito yanji. Komabe mayi wogulitsa tomato amene amadula chiphaso tsiku ndi tsiku kawirikawiri sadziwa tsiku limene khonsolo imakumana, kapena zimene yagwirizana. Pempho lathu ndi ili: misonkhanoyi iziulutsidwa pa wailesi ndi pa wailesi ya kanema, ndipo anthu azipatsidwa mpata wolankhula mfundo zisanamangidwe.

2. Kumene tachokera

Pa 8 Malichi 1992 kalata ya Aepiskopi athu idawerengedwa m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse lino, kudandaula kuti Amalawi adalibe ufulu wonena zakukhosi. Kalatayo idasindikizidwa ku Balaka konkuno, ndipo nyumba yosindikizira ya ansembe a chipani cha Montfort idatenthedwa chifukwa cha ntchitoyo. Zotsatira zake tikuzidziwa: riferendamu ya pa 14 Juni 1993 ndi chisankho cha pa 17 Meyi 1994.

M'chaka cha 1998, chomwenso Balaka adapatulidwa ku Machinga nkukhala boma palokha, dziko lathu lidakhazikitsa ndondomeko ya mphamvu ku anthu pamodzi ndi lamulo la maboma aang'ono. Makhansala oyamba tidawasankha m'chaka cha 2000, koma nthawi yawo itatha mu 2005 tidakhala opanda makhansala mpaka chisankho cha pa 20 Meyi 2014. Zaka zisanu ndi zinayi zimenezo zidatizoloweza kuganiza kuti za khonsolo ndi za bwanamkubwa ndi akuluakulu a m'maofesi okha. Maganizo amenewa akadalipo pakati pathu, ndipo ayenera kutha.

3. Zimene malamulo akunena

Ndime 12 ya malamulo oyendetsera dziko lino ikuti ulamuliro wonse umachokera kwa anthu, ndipo woulandira amangousunga m'malo mwa eniake. Ndime 37 ikupereka ufulu wopeza nkhani zimene boma likusunga. Lamulo lothandiza kuti ufuluwu utheke lidavomerezedwa ndi Nyumba ya Malamulo mu 2016 ndipo lidayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020. Nalonso lamulo la maboma aang'ono likufuna kuti misonkhano ya khonsolo ikhale yotsegukira anthu ndi atolankhani, kupatula pa nkhani zochepa zofunika chinsinsi. Choncho amene akupempha kumva zokambirana za khonsolo sakupempha chifundo kwa wina aliyense. Akungofuna chimene chili chake kale.

4. Khomo lotseguka lomwe lili kutali

Khomo la chipinda chokumaniramo lingakhale lotseguka, koma munthu wa ku Nayuchi, ku Chikweo, kwa Ngokwe kapena ku Utale sangasiye khasu nkulipira ulendo wopita ku boma kukangomvera msonkhano. Ngakhale atafika, angapeze kuti zikalata ndi zokambirana zambiri zili m'Chingerezi, pamene kwawo amalankhula Chiyao, Chichewa kapena Chilomwe.

Apa ndi pamene nyumba zoulutsira mau zingathandize. Amalawi adazolowera kale kumvera ndi kuonera zokambirana za Nyumba ya Malamulo zikuchitika ku Lilongwe. Nanga nchifukwa chiyani tisamve za khonsolo, yomwe ili pafupi nafe kuposa Nyumbayo? Ku Balaka kuli wailesi ya kanema ya Luntha, ku Mangochi kuli Radio Maria, ndipo pali mawailesi ena a m'madera amene amamveka kuno. Podziwa kuti mabanja ambiri a kumudzi alibe magetsi kapena kanema, tikuti kanema ndi wailesi ziyendere limodzi, kuti wosauka asatsalire.

5. Kuonera kokha sikukwanira

Tiyenera kuchenjezana. Msonkhano ukhoza kuulutsidwa koma mfundo zenizeni zitamangidwa kale kuseri, zoonetsedwazo nkukhala mwambo chabe. Ena angaone kamera ngati nsanja yochitira kampeni kapena yonyozera anzawo a chipani china. Ndipo ngati anthu angoonera osaloledwa kufunsa, adzakhalabe alendo pa nkhani zawo zomwe. Makolo athu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amene mwana wake akuphunzirira pansi pa mtengo, kapena amene nyumba yake idagwa ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ndiye akudziwa bwino pamene pakupweteka.

6. Kuwala kwa Mau a Mulungu

M'buku la Ntchito za Atumwi, mutu 6, timamva kuti padabuka dandaulo loti amasiye ena ankasalidwa pogawa chakudya. Atumwi sadakalipire odandaulawo ndipo sadakambe nkhaniyo paokha. Adaitanitsa gulu lonse la okhulupirira, ndipo gululo lidasankha anthu asanu ndi awiri oti ayendetse ntchitoyo. Nayenso Paulo Woyera, mu 2 Akorinto mutu 8, sadafune kunyamula yekha chopereka cha osauka. Adatsagana ndi mbale wosankhidwa ndi mipingo, kuti pasapezeke womukayikira. Ngati mtumwi adalola kuti ena aone m'mene akusungira ndalama, mtsogoleri wa lero asaone ngati chipongwe akafunsidwa. Kuchita zinthu poyera kumatetezanso mtsogoleri wokhulupirika ku mphekesera ndi mabodza.

7. Zimene tikupempha

Kwa makhonsolo a Machinga ndi Balaka: lengezani tsiku la msonkhano ndi mitu yokambirana nthawi ikadalipo, pa wailesi, m'misika, m'matchalitchi ndi m'mizikiti. Gwirizanani ndi nyumba zoulutsira mau kuti misonkhano ya khonsolo yonse, makamaka wokambirana bajeti, iziulutsidwa yathunthu, yosadulidwa, m'zilankhulo zathu, komanso ndi womasulira m'chinenero cha manja. Patulani nthawi yoti anthu alankhule mavoti asanachitike, ena pamaso, ena pa lamya kapena pa uthenga wolemba. Funso lililonse lilembedwe, ndipo yankho lake liperekedwe pa msonkhano wotsatira. Ndalama zimene zalowa ndi zimene zatuluka, kuphatikizapo za thumba la chitukuko la CDF, ziwerengedwe poyera, pamodzi ndi maina a makontirakitala ndi mtengo wa ntchito iliyonse.

Kwa makhansala, aphungu ndi mafumu athu: munthu asaopsezedwe, asachotsedwe pa mndandanda wa olandira thandizo, kapena kutchedwa wotsutsa boma chifukwa chakuti wafunsa funso.

Kwa atolankhani: perekani mpata wofanana kwa onse, ndipo maikolofoni ifike kwa amayi, achinyamata ndi anzathu aulumali.

Kwa ife akhristu: tiyeni tizipezeka pa misonkhano ya makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC. M'miphakati yathu tizimvera limodzi zokambirana za khonsolo, nkusankha mmodzi wokatiyankhulira. Polankhula tinene zoona zokhazokha, mwaulemu, osanamizira munthu. Pa ntchitoyi tigwirane manja ndi abale athu Asilamu ndi a mipingo ina, pakuti mjigo ukaonongeka ludzu silisankha chipembedzo. Ndipo popeza sitingapemphe kwa ena zimene ife sitichita, makomiti a m'maparishi ndi m'matchalitchi athu ayambe ndiwo kuwerenga poyera malipoti a chuma cha mpingo.

8. Mau otsiriza

Abale ndi alongo, ufulu wolankhula umene tili nawo lero ena adauvutikira. Tikausiya osaugwiritsa ntchito pa nkhani za mjigo, sukulu ndi chipatala cha kwathu, tidzakhala tawalakwira iwowo pamodzi ndi ana athu. Tikupempherera atsogoleri athu onse kuti Mzimu Woyera awapatse mtima womvetsera, ndi ife tonse kuti atilimbitse mtima wolankhula zoona mwachikondi.

Mulungu adalitse Machinga ndi Balaka. Mulungu adalitse Malawi.