CIFUKWA NINJI CINANGWA CIMAKANA KUPSA PA DZINJA?

 Madzulo ano tikamba za mlandu umene uyambanitsa amai ndi ogulitsa caka ndi caka. Mai agula cinangwa mu December, naciphika nthawi yaitali, koma cikhala gwa, camadzi-madzi, copanda ufa. Ndalama yapita, makala atha, ndipo iye ati, "Andinyenga." Kawiri-kawiri wogulitsayo sanalakwe konse, mwini mlandu ndiyo nyengo.

Muzu wa cinangwa ndiwo nkhokwe ya mtengo wace. Masamba apanga cakudya ndi mphamvu ya dzuwa, ndipo cotsala cisungidwa pansi ngati ufa woyera uja wochedwa sitaci. Pa cilimwe mtengo uyoyola masamba nugona, nkhokwe iri yodzaza. Koma mvula yoyamba ikagwa mu November, mtengo ufuna kuphuka, ndipo utsegula nkhokwe yace. M'muzumo muli tinthu tosaoneka ndi maso timene akatswiri aticha ma-enzyme. Mtundu wina, wochedwa amylase, uphwanya sitaci kuti isanduke shuga, ndipo shugayo akwera kukamanga masamba atsopano. Muzu utsala ndi ufa wocepa ndi madzi ambiri.

Dzina lacilendoli lisakuopseni ai. Payen ndi Persoz a ku France anaipatula enzyme yotere m'cimera mu 1833, koma makolo athu anali kuigwiritsa nchito kale-kale. Mukaika mizu ya munkoyo m'phala lolimba, kodi silisungunuka ndi kuyamba kutsekemera? Ndiyo amylase imeneyo. Cimera m'thobwa cicita cimodzi-modzi.

Kwa kandolo nchito yomweyi itipatsa phindu. Kandolo wokumbidwa lero satsekemera monga amene wakhala masabata angapo pa mthunzi, pakuti ali moyobe, ndipo sitaci yace irikusanduka shuga pang'ono-pang'ono. Ngakhale pophika enzyme yace igwirabe nchito, makamaka pa kutentha kwa madigiri 60 kufikira 70. Kutentha kukapitirira kwambiri, imafa. Ndico cifukwa cace kandolo wooca mosafulumira m'phulusa aposa wa m'madzi obwadamuka. Ana amene amapempha wa m'phulusa adziwa cimene alikunena.

Tsono mverani bwino, cifukwa pano pali moyo wa munthu. M'cinangwa cowawa muli cinthu cochedwa linamarin, cimene cimabala ululu wa cyanide, ndipo pa caka ca cilala cimacuruka. Muzu womwewo uli ndi enzyme yace, linamarase, imene iphwanya linamarin muzu ukabviikidwa kapena kusinjidwa, ndipo ululuwo ucoka ndi madzi ndi mphepo. Amai a ku Luapula amene abviika cinangwa masiku angapo kufikira cifewe, naciyanika bwino, aipatsa enzyme imeneyi nthawi yoti itsirize nchito. Njala ikafulumiza anthu, masikuwo afupikitsidwa. Zotere zinacitika m'cigawo ca Nampula ku Mozambique pa cilala ca 1981: anthu oposa 1,000, ambiri a iwo ana ndi amai, anapuwala miyendo ndi nthenda yochedwa konzo, imene sicira.

Inu a m'tauni simuona munda kumene cinangwa cacokera. Cikamveka cowawa pa lilime, musapatse mwana caciwisi, ndiponso musakhulupirire kuti kuphika kokha kudzacotsa ululu wonse. Ndipo cimene mwagula lero phikani lero kapena mawa, pakuti pakapita masiku awiri kapena atatu mizera yakuda iyamba kuoneka m'kati mwace.