OYILO WA MAGIYA: PHUNZIRO LOCHOKERA KU MIPIKISANO YA MAGALIMOTO

Mau aŵa analankhula mmisiri wokonza magalimoto ndi injini za maboti kwa ophunzira a sukulu ya Kwacha ku Lungwena, m'boma la Mangochi.

 Ine ntchito yanga ndi ya sipanala. Lero ndabwera ndi nkhani ya oyilo wa magiya.

Mwina wina akuti, "Ine galimoto ndilibe, nkhaniyi si yanga." Taimani kaye. Usipa wanu umapita bwanji ku msika? Wodwala akamtumiza ku chipatala cha ku Malindi kapena ku boma ku Mangochi, amakwera chiani? Nanga ana athu amene amagona pa nyanja ndi chilimira, amabwerako bwanji? Tonsefe moyo wathu uli pa magiya, ngakhale sitiwaona.

KODI GIYA NCHIANI?

Giya ndi chitsulo chozungulira chokhala ndi mano. Mano a giya imodzi amaloŵa pakati pa mano a inzake ndi kuikankha. Umo ndi mmene mphamvu ya injini imafikira ku mateyala.

M'galimoto ya pikapu magiya amakhala m'malo aŵiri. Ena ali m'giyabokosi, pansi pa ndodo imene dalaivala amagwira posintha magiya. Ena ali m'difu, chimutu chija chili pakati pa mateyala a kumbuyo. Pa injini ya boti, magiya ali m'mwendo wa pansi, pafupi ndi pulopela, m'madzi mwenimwenimo.

Chitsulo chikamakhudzana ndi chitsulo chinzake chimatentha ndipo chimadyeka. Ntchito ya oyilo ndi kukhala pakati pa manowo kuti asapalane. Oyilo amachotsanso kutentha ndi kuletsa dzimbiri.

ZIMENE A MIPIKISANO ANAPHUNZIRA

M'chaka cha 1953 ku Kenya, Uganda ndi Tanganyika kunayamba mpikisano wa magalimoto umene lero umatchedwa Safari Rally. Magalimoto anali kuthamanga m'miseu ya fumbi, miyala, matope ndi mitsinje, monga mmene tikuudziŵira mseu wathu wa ku Makanjira nthaŵi ya dzinja. M'chaka cha 1963 ananyamuka magalimoto 84, koma amene anafika kumapeto anali 7 okha.

M'chaka cha 1965 anapambana Joginder Singh wa ku Kenya pamodzi ndi mbale wake Jaswant. Galimoto yao inali Volvo yakale imene inali itayenda kale kwambiri. Iwo anaikonza ndi kuisamala, ndipo inaposa magalimoto atsopano. M'chaka cha 2019 galimoto ya Toyota Hilux, yokonzedwa ku South Africa mwapadera chifukwa cha mpikisano, inapambana Dakar Rally m'mchenga wa ku Peru. Woyendetsa anali Nasser Al-Attiyah wa ku Qatar.

Anthu a mipikisano amadziŵa kuti adani a magiya ndi atatu: kutentha, kulemera kwa ntchito, ndi madzi. Nchifukwa chake sathira oyilo wina aliyense. Amasankha wolimba pa kutentha. Magalimoto ena amawaikira chipangizo choziziritsa oyilo wa magiya. Amatulutsa oyilo kaŵirikaŵiri ndi kumuyang'ana bwino, kuti aone ngati muli tizidutswa ta chitsulo.

Ife sitithamanga mpikisano ayi. Koma taganizani pikapu yodzaza madengu a nsomba, anthu atakhala pamwamba, ikulimbana ndi mchenga m'mwezi wa Okutobala dzuŵa lili pamutu. Magiya ake akuvutika ngati a mpikisano. Adani atatu aja alipo onse kuno kwathu.

Komabe musathamangire kugula oyilo wa mpikisano. Magiyabokosi ambiri a mpikisano anapangidwa mosiyana ndi athu. Chimene titengere kwa anzathuwo ndi khalidwe lao: kusankha bwino ndi kuyang'ana nthaŵi zonse.

ŴERENGANI ZOLEMBA PA CHIGUBU

Apa ndi pamene sukulu yanu ikugwira ntchito. Pa chigubu cha oyilo wa magiya pamalembedwa zinthu ziŵiri zofunika.

Choyamba ndi zilembo GL ndi nambala, monga GL-4 kapena GL-5. Izi zikunena za mankhwala amene anathiramo oteteza mano a magiya. Mankhwalawo ndi amene amachititsa kuti oyilo wa magiya azinunkha ngati mazira oola. Fungo limenelo si chizindikiro chakuti waonongeka ayi.

GL-5 ali ndi mankhwala ambiri. Ndiye woyenera m'difu, chifukwa mano a m'difu amakankhana ndi kutsetsereka nthaŵi imodzi, ndipo amapanikizana koopsa. GL-4 ali ndi mankhwala ocheperapo. Magiyabokosi ambiri osintha ndi dzanja amafuna ameneyu, chifukwa m'kati mwake muli timphete ta mkuwa tothandiza giya kuloŵa bwino. Oyilo wina wa GL-5 sagwirizana ndi timphete timeneti: giya imayamba kuvuta kuloŵa ndi kumalira kuti khwee. Tsono musaganize kuti 5 aposa 4 pa chilichonse. Aliyense ali ndi malo ake. Magalimoto ena amalola onse aŵiri, koma chonena zimenezo ndi buku la galimotoyo.

Chachiŵiri ndi zilembo SAE ndi manambala, monga 80W-90, 75W-90 kapena 85W-140. Izi zikunena kulemera kwa oyilo. Nambala yokhala ndi W ikunena mmene oyilo amayendera kukazizira. Ikachepa ndiye kuti oyilo amayenda msanga m'maŵa. Nambala yachiŵiri ikunena kulemera kwake akatentha. Oyilo wa 140 ndi wolemera kuposa wa 90, ndipo amathiridwa m'madifu ena a malole onyamula katundu wambiri. Mukamthira m'giyabokosi yofuna wopepuka, magiya amalimba posintha ndipo galimoto imadya mafuta ambiri.

Magalimoto osintha okha magiya, aja timati otomatiki, safuna oyilo ameneyu konse. Ao amalembedwa ATF, ndipo kaŵirikaŵiri amakhala wofiira. Magalimoto ena ang'onoang'ono, monga Toyota Sienta zambiri zimene zimanyamula anthu, amafuna wolembedwa CVT. Mukasokoneza apa, giyabokosi imafa.

A njinga zamoto za kabaza, tamverani. Pa njinga zambiri zoterezi oyilo wa injini ndi yemweyo amene amathirira magiya ndi kilatchi. Musathiremo oyilo wa magiya. Gulani oyilo wa njinga zamoto wolembedwa JASO MA.

ZIMENE NDINAONA NDI MASO ANGA

Ndili mnyamata ndinali wothandiza pa pikapu ya matola. Tsiku lina mvula itagwa tinaoloka mtsinje madzi akufika m'maondo. Difu inali yotentha. Difu yotentha ikaloŵa m'madzi ozizira imakoka madzi kudzera pa kabowo kake kopumira, kapena pa mphira wotchinga ngati watha. Ife sitinayang'ane.

Patapita masiku tinayamba kumva kulira kumbuyo, kuti wuu, ngati njuchi. Bwana wanga anati, "Thiramo oyilo wakale uja tinachotsa mu injini, oyilo ndi oyilo basi." Ine ndinathiradi. Sindinali kudziŵa kuŵerenga chigubu, ndipo ndinachita manyazi kufunsa.

Mlungu usanathe difu inasweka tili pakati pa ulendo, titanyamula nsomba zaziŵisi za amayi anayi. Tinagona panjira. Mmene kunkacha nsomba zinali zitayamba kununkha. Mayi mmodzi anakhala pansi osalankhula kanthu, chifukwa mpamba wake unali wa ngongole. Nkhope yake sindinaiiŵale mpaka lero. Ndalama imene bwana anagulira difu ina ikanagula oyilo woyenera wa zaka zambiri. Akulu anati safunsa anadya phula. Tsiku limenelo phula tinadya ndife, koma kuŵaŵa kwake anamva ndi ena.

MMENE MUNGAYANG'ANIRE GALIMOTO

1. Imikani galimoto pa malo osalala. Ikani miyala ku mateyala. Musaloŵe pansi pa galimoto imene yangokhala pa jeke.

2. Pukutani fumbi, kenaka masulani bawuti la m'mbali, lothirira oyilo. Yambani ndi limeneli. Mukayamba kukhetsa oyilo, lothirira nkukana kumasuka, mudzatani?

3. Pisani chala pa bowolo. Pa magalimoto ambiri oyilo ayenera kufika pa mlomo wa bowo.

4. Muyang'aneni oyiloyo. Akaoneka ngati tiyi wa mkaka, mwaloŵa madzi. Akada bii ndi kununkha chopserera, wapsa. Msintheni.

5. Bawuti la pansi, lokhetsera, nthaŵi zambiri limakhala ndi maginito. Fumbi la chitsulo losalala ngati phala silidetsa nkhaŵa likakhala lochepa. Koma mukapeza tizidutswa tolasa chala, pitani kwa makaniko msanga.

6. Mukaoloka madzi akuya, yang'anani difu tsiku lomwelo kapena m'maŵa mwake.

Buku la galimoto limanena makilomita osinthira oyilo. Kuno kwa mchenga ndi katundu wolemera, sinthani makilomitawo asanakwane.

KWA ENI MABOTI

Abambo a ku nyanja, oyilo amene mumasakaniza ndi petulo ndi wa injini. Safika ku magiya a pansi. Magiyawo ali ndi oyilo waowao. Injini za Yamaha zimene ambiri muli nazo zimafuna oyilo wa magiya wa SAE 90, ndipo mabuku ake amati asinthidwe pakatha maola 100 alionse. Injini ikakhala yatsopano, kusintha koyamba kumabwera msanga kuposa apo.

Tiyeni tiŵerengere. Ngati injini ilira maola 4 pa usiku umodzi, maola 100 akwana pa masiku 25. Gulani kope. Tsiku lililonse lembani maola amene injini yalira.

Posintha chitani motere. Imikani injini choongoka, ndipo ikani mbale yakale pansi. Masulani kabawuti ka pansi, kenaka ka pamwamba. Oyilo yense akatuluka, thirani watsopano kudzera pa bowo la pansi, mofinya botolo, mpaka atulukire pa bowo la pamwamba. Mangani ka pamwamba poyamba. Kenaka chotsani botolo ndi kumanga ka pansi mwamsanga. Tikuthirira pansi kuti mpweya uthaŵire kumwamba. Mukathirira pamwamba mpweya umatsekereza, inu nkumati mwadzaza pamene oyilo ndi wochepa. Musaiŵale kuika mawashala atsopano.

Mdani wamkulu wa magiya a boti ndi ulusi wa ukonde ndi chingwe cha mbedza. Zimakulungika kuseri kwa pulopela ndi kudula mphira wotchinga. Oyilo amatuluka, madzi amaloŵa. Muzichotsa pulopela kaŵirikaŵiri ndi kuyang'ana kuseri kwake.

Magiya akafa, injini imalira bwinobwino koma boti osayenda. Zikakuchitikirani pa gombe, mwataya usiku umodzi. Nanga zikakuchitikirani pakati pa nyanja m'mwezi wa Julayi, mwera utauka, muli anthu khumi m'boti? Pamenepo si nkhani ya ndalamanso ayi.

POGULA CHENJERANI

Gulani oyilo wa m'chigubu chomata, cholembedwa bwino. Oyilo wopima m'mabotolo a zakumwa simungadziŵe mtundu wake. Wina amakhala wakale wongosefa. Mtengo wake umakoma, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Musanapite ku sitolo, lembani pa pepala zimene buku la galimoto kapena la injini likunena. Pofika fanizirani ndi zolemba pa chigubu, chilembo ndi chilembo, nambala ndi nambala. Wogulitsa akati, "Tengani uyu, ndi chimodzimodzi," inu muyankhe mwaulemu kuti, "Pepani, ndikufuna wolembedwa apayu."

Amayi, inunso nkhaniyi ndi yanu. Ambiri a inu ndinu amene mumasunga ndalama za boti kapena za njinga. Patulani ya oyilo musanagaŵe phindu.

Oyilo wakale musamtaye m'nyanja, mu mtsinje kapena pafupi ndi mjigo. Amapha nsomba ndi kuipitsa madzi akumwa. Musampake pa chilonda cha munthu kapena cha chiŵeto. Msungeni m'chigubu chotseka, kutali ndi ana ndi moto.

Amayi ndi abambo, ine ndinaphunzira kuŵerenga ndili wamkulu monga inu. Ndikanadziŵa kale, mayi uja sakanataya nsomba zake. Inu tsopano mukudziŵa G, mukudziŵa L, mukudziŵa 4, 5 ndi 90. Maŵa tengani chigubu chimene chili kunyumba kapena ku gombe, mubwere nacho kuno, tidzaŵerenge pamodzi. 

MAFUNSO

1. Tchulani adani atatu a magiya.
2. Kodi oyilo wa GL-5 ndi woyenera pati?
3. Oyilo akaoneka ngati tiyi wa mkaka, chachitika nchiani?
4. Nchifukwa chiani timathirira oyilo wa magiya a boti pa bowo la pansi?
5. Injini ilira maola 5 pa usiku umodzi. Kodi maola 100 akwana pa masiku angati?
6. Lembani m'kope mwanu: GL-4, GL-5, SAE 90, 80W-90.