Tsiku lopuma lisagulitsidwe: mawu kwa makolo ndi achinyamata opita kukagwira ntchito kunja



Mwatipempha kuti tilankhulepo za ana athu amene akupita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel. Mukukumbukira kuti mu November 2023 achinyamata 221 ananyamuka pandege, ndipo ena anatsatira. Ife tayima panofe tinapitako kale titangomaliza dipuloma ya zaulimi, pa ndondomeko ya miyezi 11 yophunzira uku tikugwira ntchito. Lero tikamba za chinthu chooneka chaching'ono, chomwe ndi tsiku lopuma.

Tinali ku Arava, chipululu cha kummwera kumene mvula ya chaka chonse sifika mamilimita 50. Tinkadzuka kusanache kukathyola tsabola m'magirinihausi, masana n'kumalongedza m'makatoni. Kumeneko ntchito imayamba Lamulungu, ndipo tsiku limodzi linali la m'kalasi. Lachisanu dzuwa likalowa Sabata layamba: mabasi ambiri amaima mpaka Loweruka madzulo.

Miyezi itatu yoyamba tinkathamangira ovataimu ngakhale pa tsiku lopuma, poti kumudzi kunali fizi, feteleza ndi malata. Ovataimu ikasowa, kunali kugona ndi foni basi. Mapeto ake mnzathu wina anakomoka ndi kutentha, nagona sabata yathunthu, ndipo zomwe anapeza pa ovataimu zinathera pomwepo. Apo m'pamene tinaona kuti tidzabwerera kwathu tisanaone kalikonse kupatula mizere ya tsabola.

Tinakhala pansi anthu asanu ndi atatu n'kupangana monga muchitira ku banki mkhonde: aliyense aziponya kangachepe sabata iliyonse, ndipo kamodzi pamwezi tizichita hayala galimoto n'kutuluka. Masiku ena opuma anali ochapa, opemphera, oimbira foni kwathu ndi ogona.

Tinasamba mu Dead Sea, momwe mchere ndi wochuluka moti munthu samira. Tinafika ku Nazareth ndi ku nyanja ya Galilee imene tinkangoimva kutchalitchi. Alimi anzathu, nyanjayi kutalika kwake ndi makilomita 21 okha, pomwe yathu ya Malawi imaposa 500. Komatu kuyambira 1964 madzi ake anayamba kupopedwa kupita kumadera ouma a kummwera. Nanga ife tikuliriranji njala m'mbali mwa nyanja?

Ku Jerusalem, pa msika wa Mahane Yehuda, tinaona mbewu zosankhidwa bwino, mtengo wa kilo utalembedwa poyera, sikelo ili pamaso pa wogula. Tinakumbuka mavenda amene amatigula chimanga ndi ndowa yophwanyidwa dala kuti ikule.

Phunziro lalikulu linatipeza pakhomo pomwe. Bambo wina wachikulire wa m'mudzi womwe tinkakhala anatiitana ku chakudya cha Lachisanu madzulo. Iye ndiye anatifotokozera kuti midzi yotchedwa moshav, monga Nahalal umene unakhazikitsidwa mu 1921, inayamba ndi alimi ang'onoang'ono, banja lililonse ndi munda wake, koma kugula zipangizo ndi kugulitsa zokolola pamodzi. Sanatibisire kuti m'zaka za m'ma 1980 ngongole zinagwetsa mgwirizano m'midzi yambiri, chifukwa alimi ankasainirana ngongole popanda malire. Tikadakhala ku ovataimu usiku umenewo, sitikadamva izi. Ndi zimene zinatichititsa kuti pobwera kuno tiyambe kumemeza alimi kuti akhale m'magulu, komanso kuti mabuku a gulu aziwerengedwa poyera.

Tsono pempho lathu nali.

Kwa boma ndi onse otumiza ana athu: kontirakiti ilembe maola a ntchito, tsiku lopuma ndi malipiro a ovataimu, ndipo imasuliridwe m'Chichewa mwana asanasaine. Pasipoti ikhale m'manja mwa mwini wake.

Kwa inu makolo: musamaimbe sabata iliyonse kufunsa ndalama. Mwana wopanikizidwa ndi amene amagulitsa tsiku lake lopuma, ndipo ndi amene amabwera atadwala. Gwirizanani tsiku limodzi pamwezi lotumizira.

Kwa achinyamata: ntchito imene mwasainira muigwire mokhulupirika. Mu 2024 Amalawi 12 anabwezedwa kuno atachoka m'minda kukagwira ntchito kwina. Tulukani pagulu, bwana wanu adziwe, ndipo poti dzikolo limabuka nkhondo, yambani mwafunsa kumene kuli koyendeka ndi kumene mungabisale belu lochenjeza likalira. Safunsa anadya phula.

Kwa ife a mgwirizano: aliyense wobwerako tim'patse mpata ku kalabu kuti afotokoze zomwe waona. Ndalama za kunja zimatha pa gulupu imodzi kapena ziwiri, koma zimene maso aona zimalimitsa mudzi wonse.