Nayenso Akukula: Zomwe Tinayankhula ndi Achinyamata ku Doha

Ana athu, zikomo pobwera Lachisanu lino, tsiku lomwe mukanagona mpaka masana. Nkhani yathu ndi ya abale anu omwe ali ndi ulumali wa ubongo, monga autism ndi Down syndrome, komanso zomwe zimachitika akatha msinkhu.

Ife makolo tili ndi mlandu. Mwana wotere timamuona ngati khanda ngakhale ndevu zitamera. Kumudzi mtsikana akakula, azakhali ndi anamkungwi ankamulanga, koma wolumala nthawi zambiri ankamudumpha, amati adzamva chiyani. Kuno ku Doha ngakhale azakhaliwo kulibe. Koma thupi silidikira kuti munthu adziwe kuwerenga. Msambo umabwera, mnyamata amadzilotera, chilakolako chimadzuka.

Kafukufuku yemwe anatuluka mu The Lancet mu 2012 anapeza kuti ana olumala amagwiriridwa pafupifupi katatu kuposa anzawo, ndipo kwa omwe ali ndi ulumali wa ubongo chiopsezo chimafika ka 4.6. Wogwirira amasankha mwana yemwe sangathe kunena, ndipo mwana sanganene chomwe sanaphunzitsidwe dzina lake. N'chifukwa chake tikuti ziwalo zobisika muzizitchula mayina ake enieni, m'Chichewa kapena m'Chingerezi, osati "kumusi" kapena "uko". Ife tinaleredwa kuti mawu amenewa ndi otukwana. Tikuvutika nawo, koma tikuyesetsa.

Mwambi samaumva, amafuna zolunjika, mobwerezabwereza, ndi zithunzi: kuvula ndi kubafa kapena kuchipinda, chitseko chitatsekedwa. Kukumbatira munthu uyambe wapempha. Wina akakugwira pobisika, kana, choka, kanene. Izi kuno si zamasewera. Mnyamata wa zaka 16 akakumbatira mayi wachilendo mu Metro, palibe adzayambe wafunsa ngati ali ndi autism.

Ena mwa ife timagwira ntchito za kompyuta, ndiye tikuuzeni za foni. Makolo amamupatsa tabuleti kuti akhale chete, osadziwa kuti m'masewera ena muli macheza ndi alendo. Munthu akamulembera kuti "ndine mnzako, tumiza chithunzi", iye amakhulupirira ndi mtima wonse. Inu mumazidziwa izi kuposa ife. Khalani naye, tsekani macheza a alendo, muoneni omwe akumulembera, koma momulemekeza, chifukwa nayenso ali ndi manyazi ake.

Dziko lino si lachilendo pa nkhani za ulumali. Shafallah Center inayamba mu 1999, ndipo ndi Qatar yomwe inapempha bungwe la United Nations mu 2007 kuti 2 April likhale tsiku lokumbukira autism. Koma za kutha msinkhu musadikire sukulu yokha. Mukakayikira kuti m'bale wanu wachitidwa nkhanza, uzani munthu wamkulu tsiku lomwelo. Kuno imbani 919, ndipo mukakhala ku Malawi patchuthi, nambala ndi 116.