Madzi Tili Nawo Pafupi, Koma Mbewu Zathu Zikufota



Sabata yathayi, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, tinayendera madimba a mamembala athu kuyambira ku Chia, kudzera ku Kaombe mpaka ku Bua. Tinaona tomato, mpiru, anyezi ndi chimanga chachiwisi. Koma pofika masana mbewu zambiri zinali zitafota, chonsecho nyanja ndi mitsinje zili pafupi. Amayi ambiri akuthirirabe ndi makeni, ndipo mapampu opalasa ndi miyendo amene ena analandira kale angokhala chifukwa chosowa zipangizo zokonzera. Wothirira ndi keni sangakulitse dimba, ngakhale atalimbikira chotani.

Nkhaniyi si yaing'ono. Mu Febuluwale 2024 madzi osefukira anakokolola mbewu ndi nyumba ku Dwangwa. M'mwezi wotsatira boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 agwa m'ngozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño. Mvula siyodalirikanso, choncho dimba ndilo limatipulumutsa chakudya chikatha m'nkhokwe.

Zina tingachite tokha. Kumene alimi aphimbira nthaka ndi udzu kapena mapesi, tinapeza chinyezi ngakhale masana. Tiyeni tizithira manyowa, tizikonza mabedi olowa pansi, ndipo tizithirira m'mamawa ndi madzulo. Tisiyenso kulima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, chifukwa dothi likakokoloka limakwirira mtsinje womwe tikuudalirawo.

Koma zina n'zofunika thandizo. Tikupempha boma ndi mabungwe zinthu zitatu. Choyamba, ngongole za mapampu a sola zoperekedwa kumakalabu, zobweza tikagulitsa zokolola. Chachiwiri, zipangizo zokonzera mapampu zizipezeka pa boma pompano ndi ku Dwangwa, osati ku Lilongwe kokha. Chachitatu, alangizi aziyendera madimba m'chilimwe, osadikira nyengo ya dzinja.

Mutu umodzi susenza denga. Kalabu iliyonse ilembe mayina a alimi ake, kukula kwa madimba awo ndi kumene amatunga madzi, ndipo ibweretse pamsonkhano ukubwerawu. Tikapita kwa akuluakulu ndi zolembedwa, sadzatibweza ndi mawu okha.