Fosiforasi wa m'gaga amene nkhuku simupeza

 Sendererani kudzuwa, mphepo ya Lichinga siona nkhope.

Ndani anaonapo anapiye akukula bwinobwino, kenaka miyendo n'kupindika, n'kumangokhalira pansi pambali pa chomwera? Ambiri timathamangira kunena kuti ndi chitopa. Chitopa chimasesa khola m'masiku ochepa. Koma za miyendozi kawirikawiri ndi mafupa ofooka, ndipo fupa limamangidwa ndi kashiamu ndi fosiforasi.

Mudzati, nanga gaga ndi soya amene timawapatsa uja mulibe fosiforasi? Alimo. Koma pafupifupi magawo awiri mwa atatu ndi omangika ku chinthu chotchedwa phytate. Ng'ombe imamumasula, chifukwa m'mimba mwake muli tizilombo togwira ntchito imeneyi. Nkhuku imalephera, ndiye wambiri amangotuluka ndi zitosi. Chimanga chili m'nkhokwe, makwerero palibe.

Makwererowo ndi phytase, ufa wochokera ku nkhungu ndi mabakiteriya, umene unayamba kugulitsidwa mu 1991. Pa thumba la chakudya cha nkhuku kapena la premix, Chipwitikizi chimalemba kuti fitase. Musanatulutse ma metical anu, werengani, kapena mwana wa sukulu akuwerengereni.

Apa mvetsetsani. Mulingo wake ndi wochepa zedi: mitundu ina ndi magalamu 5 okha pa thumba la makilogalamu 50. Mukangouthira pamwamba, nkhuku imodzi idya wonse, zinzake osalawa. Yambani kuusakaniza ndi gaga wodzaza dzanja, wadzanjayo m'mbale, wam'mbaleyo m'ndowa, ndowayo m'thumba. Soya mumakazinga, ndipo mumachita bwino, koma dikirani azizire musanathiremo ufawu. Moto umaupha ufawu. Musausungenso pachinyontho kapena padenga lamalata.

Ine kunena zoona, wa nkhuku zisanu zachikuda zoyenda zokha asavutike nazo, zimatola ziwala ndi chiswe. Nkhaniyi ndi ya inu otsekera m'khola nkhuku zamazira ndi zanyama.

Fitase akasowa mu mzinda, otchani mafupa a mbuzi mpaka ayere, musinje. Zinyenyeswa za usipa wa ku Metangula nazonso zili ndi fosiforasi wosamangika, bola zisakhale zamchere.

Amayi, tabweretsani lichero ndi gaga uja, tisakanize pompano aliyense aone.